Foni ya Malemu mu Ndowa

Linali Lachiwiri, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa, pamene namwino wa pachipatala cha ku Boma anandiika foni ya amuna anga m'dzanja. Anali atangowatseka maso. Anaipeza pansi pa pilo ikadali yoyaka, ndipo anandiuza kuti ndiisunge msanga, poti pamaliro tinthu ting'onoting'ono timasowa. Ndinaimanga pansonga ya chitenje. Kuyambira ola limenelo foniyo inakhala yanga, ine amene ndinali ndisanakhalepo ndi foni chibadwire.

Ndi kafoni kakang'ono ka mabatani, komangidwa ndi mphira chifukwa chivundikiro cha kumbuyo chinathyoka. Ena ankaganiza kuti ndikukasunga ngati chikumbutso, koma chifukwa chake chinali china. Mwana wathu wamwamuna anapita ku Joni kukagwira ntchito za zomangamanga. Foni yakeyake sakhalitsa nayo. Ina imabedwa, ina amagulitsa zinthu zikamuthina. Akafuna kulankhula ndi kumudzi amabwereka ya mnzake, ulendo uno ya uyu, ulendo wina ya wina. Nambala imene anaisunga pamtima ndi imodzi yokha, ya bambo ake.

Anaimba komaliza nthawi yopalira chimanga, bambo ake ali bwinobwino. Matenda anawagwira manachesi atayamba kupsa, ndipo sanakhalitse nawo. Alamu anga anayesa manambala onse a ku Joni amene anali m'fonimo. Ina sinkalowa, ina ankayankha anthu a chilankhulo china. Tinaika maliro mwanayo osadziwa kanthu. Ndiye ine ndinatsala ndi ntchito imodzi imene sindikanatha kupatsa wina: kudikira kuti foni ilire, ndimuuze.

Kwathu ndi kuseri kwa phiri, mbali ya ku Matandani, ndipo netiweki sipezeka paliponse. Malemu anazungulira bwalo lonse dzanja lili m'mwamba mpaka anapeza kuti imagwira pansanamira yachiwiri ya pakhonde, pafupi ndi denga. Anakhomapo msomali, ine ndinasoka kathumba, ndipo foni inkakhala pamenepo. Kudimba kwathu, kumunsi kumtsinje, netiweki kulibiretu, ndiye kupita nayo kunalibe phindu. Ndinkaisiya pamsomali. Foni ikakhala yoyaka, ngakhale ilire popanda munthu, imasunga nambala ya amene waimba. Sukulu sindinapite nayo patali, mawu ataliatali ndimawerenga mochedwa, koma manambala ndimawadziwa. Ya ku Joni imayamba ndi kamtanda, ndipo manambala ake oyamba amasiyana ndi a kwathu.

Miyezi imeneyo sindinkamaliza mzere wa mbatatesi osakwera mtunda kukaona. Ndinkathirira pang'ono, mtima n'kundiuza kuti yalira, ndiye ndinkasiya chitini pamenepo n'kukwera. Kufika pakhonde, palibe. Kutsika, kuthirira, kukweranso. Batire ikatsika ndinkapita nayo kugolosale ya pamphambano. Mwini wake ndi bambo wina wachisilamu, wofatsa, amene ali ndi sola ndipo amatchajira anthu mafoni. Pagolosalepo netiweki imagwira bwino, ndiye foni inkatchajidwa ili yoyaka, ine nditakhala pabenchi kudikira. Chichokereni kuchipatala kuja, inali isanazimepo.

Nkhani yonyanyala mafoni inabwera mphepo ya mwera itayamba, anthu akutentha tchire. Tili ndi gulu la amayi amene timagulitsa mbatatesi ndi manachesi pamodzi, kuti galimoto ikabwera kuchokera ku Blantyre ipeze katundu wokwanira pamalo amodzi. Apampando a gululo ndi mayi wamkulu pang'ono kwa ine, wolankhula mokweza, wosachedwa kulamula. Pamaliro a amuna anga iwowa ndi amene anasonkhanitsa amayi otunga madzi ndi otola nkhuni, ndipo anthu onse atabalalika anatsala kugona nane pamphasa mpaka nditazolowera nyumba. Ndi iwo amene anabwera ndi nkhaniyi kuchokera kumsika wa ku Boma.

Anatiitana Lamlungu titaweruka kutchalitchi, pakhonde la golosale. Anati anthu a m'tauni atopa ndi mayunitsi osachedwa kutha, ndipo apangana kuti masiku atatu, kuyambira Lolemba, pasapezeke wogula mayunitsi kapena woimba foni, kuti a kampani amve kuwawa. Palibe anatsutsa. Aliyense anali ndi dandaulo lake. Wina anati amangopereka moni, asanamve yankho la kuti kwacha bwanji, foni yaduka. Mwini golosale, amene amagulitsa mayunitsiwo, anati naye sagulitsa masiku atatuwo.

Mkangano unayamba pofunsa kuti kunyanyalako kukuyambira pati, kukuthera pati. Mayi wina anati iye anamva kuti nkhaniyi ndi ya anthu a mafoni akuluakulu osisita ndi chala, ogula mabandulo, osati ife a timabatani. Apampando anati foni ndi foni. Wina anafunsa za kufulasha, kuimba n'kudula mnzako asanayankhe, poti sikudya yunitsi. Anamuyankha kuti ukafulasha, mnzakoyo amaimba, ndiye kampani yadya ndithu. Nanga kuyankha kokha wina akakuimbira? Anati woimbayo walipira chifukwa cha iwe. Nanga manambala aulere? Pamenepo anthu analankhula onse pamodzi. Ena ankati yaulere siwerengedwa, poti kampani sipezapo kanthu. Ena ankati ukangoyamba ndi yaulere, chala chizolowera, mawa uimba ina.

Kenaka panabwera maganizo amene sindikhulupirira kuti a m'tauni anawaganizako. Apampando anati amatidziwa ife, foni ikalira m'thumba palibe angaleze mtima. Ndiye mafoni onse azimitsidwe, aikidwe mu ndowa imodzi, ndowayo imangidwe ndi chitenje pakamwa, isungidwe m'golosale. Imasulidwa Lachinayi m'mawa, kapena pakagwa matenda aakulu. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Ine manja anga anali pakathumba kaja, poti ndinali nditabwera nako kudzatchajitsa foni.

Ndinadikira phokoso lichepe, ndipo ndinapempha kuti yanga ilowe mu ndowamo koma ikhale yoyaka. Ndinalonjeza kuti sindiigwira. Onse ankadziwa chifukwa chake, panalibe chofotokoza. Mayi wina amene mwana wake wamkazi anali woyembekezera ku Blantyre anati ngati zili choncho, yakenso ikhale yoyaka. Wina anati naye akudikira wogula mbatatesi. Apampando anaona kuti ndowa ikutha isanayambe.

“Amayi,” anatero akundiyang'ana, “mwanayo wakhala chete kuyambira nthawi yopalira. Akasankhe masiku atatu omwewa? Komanso malemu akanakhalapo, akanakhala oyamba kuponya foni mu ndowa. Mwaiwala mmene ankakalipira mayunitsi?”

Sananame. Malemu foni ikaduka ankailankhula ngati mbuzi yalowa m'munda. Ndinayang'ana amayi amene anakhala pakhondepo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene sanasenze mtsuko kapena mtolo wa nkhuni pamaliro a kwathu. Kwathu kuno munthu sukana za gulu miyezi iwiri chikuikireni maliro anzako. Ndinavomera.

Lolemba m'mamawa tinasonkhana ndi mafoni athu. Ine kuzimitsa sindinkadziwa. Mwini golosale anandionetsa batani lofiira, anati ndilikanikize osasiya. Kafoniko kanalira pang'ono, kuwala n'kuzima. Ndinakaika mu ndowa pamwamba pa ena, apampando anamanga chitenje mfundo ziwiri, ndowa n'kuikidwa pansi pa shelefu, pafupi ndi matumba a mchere.

Ndinapita kudimba, koma ntchito sinagwirike. Ndinazindikira ndili pakati pa mtunda, ndikukwera kukaona foni imene kunalibe. Ndinafika ndithu pakhonde, ndinayang'ana msomali uli wokha. Ndinasesa pabwalo posesa kale. Ndinatulutsa nyemba kuti ndisankhe, ndinazibwezanso. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali pabenchi ya kugolosale.

Sindinali ndekha. Mayi wa mwana woyembekezera uja anabwera kudzagula mchere, n'kukhala pansi osachoka. Wina anabwera kudzafunsa mtengo wa sopo amene amagula sabata iliyonse. Mwini golosale anati chitsegulireni golosale sanaonepo anthu okonda mchere ngati a lero. Tinaseka, koma maso a tonse anali pansi pa shelefu.

Enawo atachoka ndinawafunsa bambowo chimene chinkandidya. Foni ikakhala yozima, munthu n'kuimba, kodi ndidzadziwa? Anati sanganame, mafoni ena ukayatsa pamabwera uthenga wonena amene anakufuna, ena sipabwera kanthu. Zimatengera mmene mwini wake anaikonzera, ndipo malemu sanawauzepo. Amene angadziwe ndi a kampani, ndipo ali ndi nambala yaulere yofunsira zotere. Koma ndowa anaisungitsa ndi gulu, iwo sangamasule popanda apampando.

Ndinawapeza apampando kwawo akupeta tirigu. Ndinawauza kuti sindikufuna kuimbira munthu, ndikufuna nambala yaulere yokha, ndifunse funso limodzi. Akandiuza kuti uthenga udzabwera, ndizimitsanso, mtima ukhale pansi. Kampani sipezapo ngakhale kanthu.

Anaika lichero pansi. “Inu mukamasala kudya kutchalitchi, wina akakupatsani nthochi yaulere, mumadya? Mumati poti sindinagule?”

Ndinati kusala kudya timasalira Mulungu, uku tikunyanyala kugula.

“Ndiye mukufuna mukalankhule ndi anthu omwewo tawanyanyalawo, muwapatse moni, muwapemphe nzeru? Pirirani, amayi. Kwatsala mawa ndi mkuja.”

Ndinabwerera. M'njira ndinkakangana nawo mumtima, ndikupeza mayankho abwino amene sindinawapeze pamaso pawo. Kenaka ndinkawaikiranso kumbuyo ndekha, kuti akamasulira ine amasulira onse. Kufika kunyumba ndinali nditatopa ngati ndasenza thumba kuchokera ku Boma, koma kukhala pansi kunkandikanika.

Kutacha linali Lachiwiri. Chimwalirireni amuna anga, Lachiwiri lililonse limandivuta, thupi limakumbuka lokha. Ndinapita kudimba, ndinathirira mizere iwiri, ndipo ndinaima ndi chitini m'manja n'kuganiza za mwana wanga ataima penapake ku Joni, atapempha foni kwa munthu, akuimba nambala ya bambo ake imene sinazimepo chipitireni iye. Akamva kuti yazima adzati nambala inatayika. Munthu wobwereka foni sabwereka kawiri kuti aimbe nambala yakufa. Ndinasiya chitini m'madzi momwemo.

Sindinapite kugolosale. Ndinapita kwa apampando, ndipo sindinakhale pansi ngakhale anandiyalira mphasa.

“Ndabwera kudzatenga foni,” ndinatero. “Mundichotse m'gulu ngati n'kutero. Mbatatesi ndizisenza ndekha.”

Ndinkayembekeza mawu okweza aja, koma sanabwere. Anangomanga mpango kumutu, n'kutsogola.

Pagolosale panali amayi atatu, aja okonda mchere. Apampando anatulutsa ndowa okha, anamasula mfundo ndi mano poti anamanga zolimba. Anati ndiimbe yaulereyo, funso limodzi, onse akumva, kenaka ibwerere. Ndinakanikiza batani lofiira. Kafoni kanayaka, kanafufuza netiweki, ndipo mwini golosale asanamalize kunditchulira nambala yaulere ija, kanalira kulira kwa uthenga.

Ndinaona kamtanda ndisanaone china chilichonse. Ndinawapatsa bambowo kuti awerenge. Anawerenga chamumtima kaye, kenaka ananena motsitsa mawu kuti nambala ya ku Joni inandifuna dzulo masana, kawiri. Dzulo masana ndinali pabenchi yomweyo, ndowa ili pafupi moti ndikanaikhudza ndi phazi.

Funso la nambala yaulere linali litayankhidwa lokha, ndipo chotsala chinali kuimba kwenikweni, kodya mayunitsi, kunja kwa dziko. Mwini golosale anali atalonjeza kuti sagulitsa. Anatenga foni, anakanikiza mabatani, n'kunena kuti muli mayunitsi. Anali aja anagula malemu asanagonekedwe m'chipatala. Alamu anga poyesa manambala aja anadyako pang'ono, ndipo ine ndinali ndisanaimbirepo munthu.

Apampando anakhosomola. “Amenewo anagula ndi malemu, kunyanyala kusanayambe. Kampani inadya kalekale. Imbani, amayi.”

Inalira nthawi yaitali. Anayankha mwamuna, kumbuyo kwake kukumveka makina odula zitsulo. Ndinapereka moni m'Chichewa, ndipo mwamwayi anayankha m'Chichewa. Ndinafunsa ngati mnyamata wa ku Neno anabwereka foni yake dzulo. Anati eya, koma sagwira ntchito malo amodzi, anangokumana pogula chakudya. Amaonana Loweruka kumene anyamata a kumudzi amasonkhana.

“Ndikamuuze chiyani, amayi?”

Ndinali nditakonza mawu miyezi yonseyo, koma ndinakonzera mwana wanga, osati mlendo. Kwathu uthenga wa maliro susiyidwa panjira. Amapita nawo munthu wamkulu, amakukhazika pansi, amayamba ndi zina. Uyu sindinkamudziwa ngakhale nkhope, ndipo anali pakati pa ntchito. Koma mayunitsi ankapita, ndipo apampando ankandikodola kuti ndifulumire.

“Mukamuuze kuti foni ya bambo ake akuyankha ndi amayi ake. Aimbenso. Siizimanso.”

Munthuyo anati, “Ndamva, amayi. Ndamvetsa. Pepa...” Foni inaduka pomwepo. Mayunitsi anali atatha.

Mayi mmodzi anati mwaona, n'zimene tikunyanyalira zomwezi, munthu osamaliza ndi pepani yemwe. Ena anaseka pang'ono, ine ndinaseka nawo, kenaka ndinakhala pathumba la mchere. Apampando anandiuza kuti foniyo ndisaibwezenso mu ndowa.

Zimene ankaopa zinachitika. Mayi wa mwana woyembekezera anafunsa ngati wake si mwana, n'kutenga yake. Pofika madzulo ndowa inali itatsala ndi mafoni ochepa, ya apampando ndi ya mwini golosale zili momwemo. Awiriwo anapirira mpaka Lachinayi. Ngati a kampani anamva kuti kuseri kwa phiri lathu kunali ndowa ya mafoni, ine sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti amayi ena anawanena apampando kuti amalamula mokondera, ndipo ena ananena ine kuti ndinaphwasula za gulu. Apampando anakhala masabata angapo akundipatsa moni wapanjira, osapatuka. Sindinawadandaule. Anataya ulemu wawo pagulu chifukwa cha ine, ndipo zotere zimatenga nthawi. Tinayambanso kuchezerana nthawi yokumba mbatatesi, pamene anabwera okha ndi khasu lawo.

Loweruka sindinachoke pakhonde. Lamlungu sindinapite kutchalitchi. Foni inalira masana, anthu akubwerera ku mapemphero, ndipo ndinaiyankha ili m'kathumba momwemo, nditaima pampando kuti netiweki isathawe.

“Amayi.”

“Ndine, mwananga.”

“Liti?”

“Nthawi ya manachesi.”

Ndinkamva akupuma. Kenaka anafunsa ngati anavutika, ndipo ndinamuuza zoona, kuti masiku oyamba anavutika koma kumapeto anagona. Anafunsa kumene tinawaika, ndinamuuza kuti pafupi ndi amayi awo. Anati Lolemba lija atamva kuti foni ndi yozima anaganiza kuti bambo ake anataya nambala, ndipo sakanaimbanso msanga. Ndinamufunsa chimene ankafuna kuwauza. Anati zinali zazing'ono, zopanda ntchito tsopano. Ndinati andiuze ine. Anati waphunzira kuika matailosi, bwana wake wayamba kumusiyira chipinda chonse yekha, ndipo ankafuna bambo ake amve, poti ndi iwo anamuphunzitsa kugwira chingwe cha womanga. Ndinamuuza kuti akanasangalala, akanauza mudzi wonse. Mwini foni anayamba kuifuna, ndipo mawu omaliza a mwana wanga anali oti ndisasinthe nambala.

Kumudzi sanabwerebe. Amati akusonkhanitsa ya ulendo, ndipo ine sindimukakamiza. Amaimba mwa apo ndi apo, nambala zosiyanasiyana ngati kale. Za kunyanyala zinamvekanso ulendo wina, ndipo pamsonkhano mkangano wa nambala yaulere unayambiranso pomwe unalekera, osagwirizana mpaka kubalalika. Ine ndinawauza poyera kuti mayunitsi sindigula masiku amene apangane, kuimba sindiimba, yaulere yomwe ndiisiya, koma ndowa ayi.

Masiku ano ndimathirira mizere yonse kaye ndisanakwere mtunda, ngakhale masiku ena ndimalephera. Foni imakhala pamsomali wa malemu, pansanamira yachiwiri. Batire ikatsika ndimapita nayo kugolosale, ndimakhala pabenchi mpaka idzaze, ndipo sindiizimitsa.